Mbiri ya Mayi Charlotte Perkins Gilman, Amene Analota Dziko la Akazi Okhaokha

Amayi anzanga, mbiri imene ndakukonzerani m'kope lino ndi ya mayi wina wa ku America amene anamwalira kalekale, m'chaka cha 1935. Dzina lawo ndi Charlotte Perkins Gilman. Anthu amawakumbukira kwambiri chifukwa cha buku la nthano lotchedwa Herland, limene limasimba za dziko lokhalamo akazi okhaokha, lopanda mwamuna ngakhale mmodzi kwa zaka 2,000. Ukangomva choncho ukhoza kuganiza kuti analemba bukuli ndi mayi wodana ndi amuna. Komatu mayiwa anakwatiwa kawiri, ndipo m'banja lachiwirilo anakhalamo mwamtendere zaka 34. Chimene chinawalotetsa dziko loterolo chinayambira m'chikuta, atangobereka mwana wawo mmodzi yekhayo.

Mayi Charlotte anabadwa pa 3 July 1860 mumzinda wa Hartford, m'chigawo cha Connecticut. Kuchimuna kwawo linali banja lotchuka la a Beecher, banja la alaliki ndi olemba mabuku. Harriet Beecher Stowe, uja analemba buku lodzudzula ukapolo la Uncle Tom's Cabin, anali mng'ono wawo wa agogo awo aakazi. Koma dzina la mtundu silinawadyetse. Bambo awo, a Frederic Perkins, amene ankagwira ntchito m'malaibulale, anachoka pakhomo Charlotte adakali wamng'ono kwambiri, n'kusiya mkazi ndi ana awiri alibe pogwira. Banjalo linakhalira kusamuka, lero kwa wachibale uyu, mawa m'nyumba ya lendi uko, ngongole zili pambuyo. Anasamuka maulendo 19 m'zaka 18. Sukulu anaiphunzira modukizadukiza, zaka zinayi zokha tikaphatikiza zonse, ndipo anailekeza ali ndi zaka 15. Nzeru zina zonse anazitola okha m'mabuku obwereka.

Pa ubwana wawo pali chinthu chimodzi chimene chimandikhudza kuposa umphawiwo. Mayi awo, a Mary, anali ataika m'manda makanda awiri, kenaka mwamuna n'kuwathawa. Atapwetekedwa mtima chomwecho anatsimikiza zakuti mwana wawo wamkazi asazolowere chikondi, kuti naye asadzavutike tsiku limene chikondicho chidzamuthawe. Choncho sankamukumbatira kapena kumusisita ali maso. Ankadikira kuti agone kaye. Kamtsikanako katazindikira zimenezi, kankadzibaya ndi mapini kuti tulo tisakagwire, n'kumanamizira kugona, kuti kamve manja a mayi ake akabwera usiku kudzakanyamula.

M'chaka cha 1878 Mayi Charlotte analowa sukulu ya zojambulajambula ya Rhode Island School of Design, ndipo anayamba kudzipezera ndalama pojambula makadi otsatsira malonda ndi kuphunzitsa ana. Mu 1882 anakumana ndi mnyamata wojambula zithunzi, Charles Walter Stetson. Atawafunsira, poyamba anakana. Ankaopa kuti banja lidzawalanda ntchito imene ankamva mumtima kuti anabadwira. Mnyamatayo sanatope, ndipo anakwatirana mu 1884. M'mwezi wa March 1885 kunabadwa mwana wamkazi, Katharine.

Apa m'pamene mdima unagwa. Mwana anali wathanzi, bambo wa mwana anali munthu wachifundo wothandiza ntchito zapakhomo, agogo a mwana anabwera kudzathandiza, chakudya chinalipo. Koma mayi wa mwana ankangokhalira kulira. Ankagona pampando tsiku lonse misozi ili chuchuchu, osatha kuwerenga, osatha kusoka, ngakhale kudula buledi kunali ngati kukwera phiri. Akanyamula khandalo kuti aliyamwitse, m'malo mwa chimwemwe ankamva ululu wokhawokha mumtima. Ndipo chifukwa panalibe chooneka chimene akanachiloza, ankadziweruza okha kuti ndi mayi waulesi ndi wosayamika.

Ife amene tinagwirako ntchito ya unamwino tinawaona amayi otere. Mayi amabwera kusikelo ndi mwana wonenepa bwino, koma iye maso ali pansi, sakugona, sakudya, ukamufunsa amangoti ali bwino. Kunyumba akumunena kuti ndi wamwano, kapena kuti sakumufuna mwanayo, ena mpaka kuganizira zamatsenga. Amenewa ndi matenda, matenda a kukhumudwa amene amagwira mayi akabereka, ndipo ali ndi chithandizo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linapeza kuti mwa amayi 100 alionse amene angobereka kumene, pafupifupi 13 amadwala matenda a maganizo, makamaka amenewa, ndipo m'mayiko osauka chiwerengerocho chimayandikira 20. M'masiku a Mayi Charlotte madokotala ankangoti ndi kufooka kwa mitsempha ya akazi.

Panachitika chinthu chimene chinawazunguza kwambiri. Kumapeto kwa 1885 anapita kukacheza kwa mnzawo wapamtima, Grace Channing, ku Pasadena m'chigawo cha California, mwana atamusiya m'manja mwa agogo ake. Kumeneko anachira, n'kuyambanso kuseka ndi kulemba. Atangobwerera kunyumba kwawo, matenda aja anabwereranso. Tangoganizani, amayi, kuzindikira kuti malo amene akukudwalitsa ndi pakhomo pako pomwe, pamene pali mwamuna ndi mwana amene umawakonda.

Mu 1887 anapita ku Philadelphia kwa Dokotala Silas Weir Mitchell, katswiri wotchuka kwambiri wa matenda a mitsempha m'dzikolo nthawi imeneyo. Iye anali ndi njira yake yochizira, ya kupumitsa wodwala. Mayi ankagonekedwa pabedi masabata angapo, osaonana ndi abale, osawerenga, osalemba, anamwino akumumwetsa mkaka wambiri, kumudyetsa ndi kumutikita thupi kuti anenepe. Chodabwitsa n'chakuti amuna odwala matenda omwewo dokotalayu nthawi zambiri ankawatumiza kumadzulo kwa dzikolo kukakwera mahatchi ndi kukasaka nyama. Powatulutsa Mayi Charlotte, anawalangiza kuti moyo wawo ukhale wapakhomo basi, mwana akhale naye nthawi zonse, azigona ola limodzi akatha kudya, ntchito ya ubongo isapitirire maola awiri patsiku, ndiponso kuti asadzagwirenso cholembera kapena burashi yojambulira moyo wawo wonse.

Anamvera malangizowo kwa miyezi pafupifupi itatu, ndipo anatsala pang'ono kupenga. Ankakwawira kunsi kwa bedi ndi m'makabati kukabisala. Anasoka kachidole ka nsanza, n'kukapachika pachogwirira chitseko, n'kumasewera nako. Sindikunena kuti dokotalayo anali munthu woipa mtima. Iye ankakhulupirira, monga anzake ambiri, kuti mutu wa mkazi ukagwira ntchito thupi lake limafooka. Koma wodwalayo anali atamulembera kalata yaitali yofotokoza mmene matenda ake anayambira, ndipo dokotala sanaione ngati kanthu. Pa chipatala palibe cholakwa chimene chimabwerezedwa kawirikawiri kuposa chimenechi, chosamvetsera mwini thupi.

Pamapeto pake Mayi Charlotte anataya malangizo aja, n'kutolanso cholembera. Mu 1888 anapatukana ndi amuna awo, natenga mwana kupita naye ku Pasadena. Kumeneko mu 1890 analemba nthano yaifupi yotchedwa The Yellow Wallpaper, imene inatuluka m'magazini ya New England Magazine mu January 1892. Ndi nkhani ya mayi wongobereka kumene amene mwamuna wake, yemwenso ndi dokotala, wamutsekera m'chipinda chapamwamba kuti apume, namuletsa kulemba. Posowa chochita, mayiyo amangoyang'ana mapepala achikasu omatidwa pakhoma, mpaka ayamba kuona mkazi wina wotsekeredwa kuseri kwa maluwa a pamapepalawo. Pofika kumapeto wasokonezeka mutu, akukwawa kuzungulira chipindacho. Mayi Charlotte anatumiza nthanoyi kwa Dokotala Mitchell, koma sanayankhidwe.

Tsopano tafika pa chinthu chimene anthu sanawakhululukire. Ukwati unatha mwalamulo mu 1894. Chaka chomwecho a Stetson anakwatira Grace Channing, mnzawo uja wa Mayi Charlotte, ndipo iwo anavomereza ndi mtima wonse. Anatumizanso Katharine, ali ndi zaka 9, kuti azikakhala kwa bambo ake ndi mayi omupezawo. Zifukwa zawo zinali zakuti bambo ali ndi ufulu wolera mwana wake, Grace ndi munthu amene ankamukhulupirira kuposa wina aliyense, ndipo iwo eni ake anali paumphawi, akukhalira kuyenda kukalankhula m'misonkhano kuti apeze chakudya. Manyuzipepala a ku California anawanyoza koopsa monga mayi wopanda umunthu amene wapereka mwana wake kwa mkazi wina. Kwathu kuno mwana kukakulira kwa azakhali kapena kwa mayi ake aang'ono si nkhani yolembedwa m'nyuzipepala, koma kwa azungu a nthawi imeneyo chinali chonyansa. Ine sindingathe kunena mosavuta kuti anachita bwino, pakuti mwana wa zaka 9 safunsidwa maganizo pa zotere. Ndingoona kuti bambo awo a Mayi Charlotte anasiya ana awiri opanda chakudya ndipo palibe nyuzipepala imene inawalemba.

Zaka zotsatira anatchuka msanga. Mu 1898 anatulutsa buku la Women and Economics, limene linamasuliridwa m'zinenero zisanu ndi ziwiri. Mfundo yake inali yakuti mkazi amene chakudya chake chonse chimadalira mwamuna sangakhale mfulu, ngakhale atapatsidwa mwayi wovota, ndiponso kuti ntchito ya kuphika, kuchapa ndi kulera ndi ntchito yeniyeni yofunika luso ndi malipiro. Ankafuna kuti pakhale makhitchini aakulu ophikira mabanja ambiri ndi malo osamalirako ana oyendetsedwa ndi anthu ophunzitsidwa. Anakalankhula pa misonkhano ikuluikulu ya amayi ku London mu 1899 ndi ku Berlin mu 1904. Mu 1900 anakwatiwa ndi George Houghton Gilman, loya wa ku New York, amene anali msuweni wawo weniweni, mwana wa azakhali awo. Bamboyu sanawaletse kulemba kapena kuyenda.

Akonzi a magazini atayamba kukana zolemba zawo, anayambitsa magazini yawoyawo yotuluka mwezi ndi mwezi, The Forerunner, kuyambira 1909 mpaka 1916. Makope onse 86 anawalemba okha, nkhani, ndakatulo, ndemanga za mabuku, ngakhale zotsatsa malonda zina. Olembetsa anali pafupifupi 1,500 okha ndipo ndalama sizinkabwerera. M'magazini imeneyi ndi mmene Herland inatulukira mu 1915, mutu umodzi mwezi uliwonse, pamene amuna a ku Ulaya anali kuphana pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, ndipo kutatsala zaka zisanu kuti lamulo lalikulu la America lilole akazi kuvota.

Nthanoyo imayenda motere. Anyamata atatu a ku America, Van, Terry ndi Jeff, amva mphekesera za dziko lobisika kuseri kwa mapiri lokhalamo akazi okha, ndipo apitako pa ndege yaing'ono. Ataona misewu yosalala, nyumba zolimba ndi nkhalango zosamalidwa bwino, akutsimikiza kuti amuna alipo ndithu, angobisala, pakuti akazi sangamange zotere. Terry ankayembekezera kukapeza atsikana okongola okanganirana iye. M'malo mwake agwidwa ndi khamu la amayi achikulire amphamvu, atsitsi lalifupi, ovala zovala za matumba ambiri, amene awanyamula popanda ukali uliwonse, n'kuwatsekera m'nyumba yabwino, n'kuyamba kuwaphunzitsa chinenero ngati ana a sukulu ya mkaka. Mbali imeneyi ndi yoseketsa kwambiri. Amayiwo amafunsa mafunso mofatsa, ndipo anyamatawo amasowa poyankha. Akadzitama kuti kwawo akazi amalemekezedwa moti sagwira ntchito, amayiwo amafunsa ngati ndi akazi onse, ndipo zimatulukira kuti akazi osauka mamiliyoni amagwira ntchito yakalavulagaga pa malipiro ochepa. Atamva mmene mkaka umatengedwera kwa ng'ombe, mwana wake n'kuphedwa, amayiwo anachita nseru.

Amuna a m'dzikolo anatha zaka 2,000 zapitazo. Ambiri anali kunkhondo pamene phiri linaphulika n'kutseka njira yokhayo yotulukira. Akapolo anaukira n'kupha amuna otsala, ndipo atsikana nawo anadzuka n'kupha akapolowo. Mtundu unali pafupi kutha, mpaka mkazi wina anaima popanda mwamuna n'kubereka ana aakazi asanu. Aliyense wa iwo anaberekanso asanu, nakhala 25, kenaka 125, mpaka dziko linadzaza ndi akazi pafupifupi mamiliyoni atatu, onse a mimba imodzi. Zoterezi sizichitika kwa anthu, ndipo wolembayo ankadziwa. Inali njira yongochotsera amuna pabwalo kuti tione zimene akazi angachite paokha.

Chimene ndikufuna muone, amayi, ndi malo a mwana m'dzikolo. Kumeneko umayi ndiwo ulemu woposa wina uliwonse, ndipo chilichonse, kuyambira mitengo ya zipatso imene anabzala m'nkhalango zonse mpaka kamangidwe ka nyumba, chinakonzedwa poganizira ana. Koma palibe mayi amene amatsekeredwa yekha m'nyumba ndi khanda. Mayi amayamwitsa mwana wake ndi kukhala naye pafupi zaka zoyamba, koma kulera ndi kuphunzitsa ndi ntchito ya dziko lonse, yotsogoleredwa ndi amayi amene ali ndi mphatso imeneyo ndipo anaiphunzira. Van atadabwa kuti mayi angapereke bwanji mwana wake kwa wina, mphunzitsi wake anamufanizira ndi mano: mayi wokonda mwana wake sadzichitira yekha ntchito ya dokotala wa mano. Ana alibe dzina la bambo kapena la mtundu, pakuti aliyense ndi mwana wa onse. Ukawerenga zimenezi ukudziwa za chipinda chija cha 1887 ndi za manyuzipepala a 1894, umaona kuti mayiyu ankamanga dziko limene iye mwini sakanadwala, ndipo akanati wadwala, sakanatchedwa mayi woipa.

Nthano imatha anyamata atatuwo atakwatira. Terry, pokhulupirira kuti mkazi wokwatiwa alibe ufulu wokana, anayesa kugwirira mkazi wake Alima. Anagwidwa, naweruzidwa, napirikitsidwa m'dzikolo. Mu 1915 malamulo a ku America sankaona zimenezi ngati mlandu m'banja. Jeff anatsala komweko ndi mkazi wake Celis ali woyembekezera, ndipo Van anatuluka ndi mkazi wake Ellador kukamuonetsa dziko lathuli.

Mayi Gilman sanali oyamba kulota zotere. Zaka khumi m'mbuyo mwake, mu 1905, mayi wachisilamu wa ku Bengal, Rokeya Sakhawat Hossain, anali atalemba kale nthano ya Sultana's Dream, mmene akazi amayendetsa dziko pamene amuna ndiwo amabindikiritsidwa m'nyumba.

Ndikanakonda mbiriyi ikanakhala yokoma yokhayokha, koma pali mbali imene ife akazi akuda sitingaidumphe. Mayi amene anaona bwino chotere kuponderezedwa kwa akazi anali wakhungu pa kuponderezedwa kwa anthu akuda. Mu 1908 analemba nkhani m'magazini ya American Journal of Sociology yonena kuti anthu akuda a ku America amene sakutha kudzidalira azitengedwa ndi boma n'kuikidwa m'magulu ogwira ntchito mokakamizidwa mpaka atatukuka. Analemba zimenezi mdzukulu wa banja lija lodana ndi ukapolo, patangopita zaka 43 ukapolowo utathetsedwa. Ankanyansidwanso ndi alendo osauka obwera kuchokera kumayiko ena, ndipo ichi chinali china mwa zimene zinawachotsa ku New York mu 1922. Ndipo mu Herland momwemo muli kachilombo kameneka. Akazi a m'dzikolo ndi azungu. Mtsikana amene akuoneka kuti ali ndi khalidwe losayenera amapemphedwa kuti asabereke, kuti mtundu uyere. M'buku zimamveka zofatsa, koma maganizo omwewo ndiwo anabala malamulo otseka anthu mokakamiza ku America, kuyambira m'chigawo cha Indiana mu 1907, ndipo anthu oposa 60,000 anatsekedwa kuti asabereke, ambiri a iwo akazi osauka. Ndimadzifunsa kuti mayi wina wokwawira kunsi kwa bedi ndi kachidole ka nsanza, oweruza a ku Herland akanamulola kubereka kodi?

Mu 1932 madokotala anawapeza ndi khansa ya m'mawere imene inali itapitirira poti n'kuchizika. Amuna awo anamwalira mwadzidzidzi mu 1934, ndipo iwo anabwerera ku Pasadena kukakhala pafupi ndi Katharine, amene tsopano anali mayi wa ana ake. Grace, amene anali wamasiye kuyambira 1911, anabweranso kudzathandiza kudwazika mnzake. Amayi awiri a mwana mmodzi anakhalanso pamodzi kumapeto. Mayi Gilman anamaliza kulemba mbiri ya moyo wawo, ndipo pa 17 August 1935, ali ndi zaka 75, anadzipha ndi mankhwala ogonetsa a chloroform. Anali atanena poyera kwa zaka zambiri kuti munthu wodwala matenda osachizika ali ndi ufulu wotero. Pamenepa ine sindigwirizana nawo, ndipo ndikudziwa kuti ambiri a inu simungagwirizane nawo. Ndaonapo odwala khansa akutsirizika mwaulemu ululu wawo utachepetsedwa ndi mankhwala, abale ali pambali. Koma ndaonanso ululu wa khansa pamene mankhwalawo palibe, ndiye pakamwa panga sipafulumira.

Atamwalira anaiwalika pafupifupi zaka 40. Amayi omenyera ufulu wa akazi ndiwo anafukula zolemba zawo. The Yellow Wallpaper inasindikizidwanso mu 1973, ndipo Herland, imene inali itagona m'makope akale a magazini ija, inatuluka koyamba ngati buku mu 1979. Katharine, amene anakula n'kukhala wojambula ndi wosema ziboliboli, anamwalira chaka chomwecho ali ndi zaka zoposa 90. Olemba mbiri amene anakacheza naye mu ukalamba wake anapeza kuti nkhani ya kutumizidwa kwa bambo ake ali ndi zaka 9 inali ikumupwetekabe.